Wotchi Yamakono Pamkono: Mafunso ndi Mayankho kwa Ogula a ku Salima

Mukadutsa pa Kamuzu Road masiku ano, pa mabenchi a zamafoni simusowa timabokosi ta mawotchi oyaka ngati foni, timalamba towerenga masitepe ndi timahedifoni topanda chingwe. Ogula ake ndi osiyanasiyana: aphunzitsi, anyamata a kabaza, eni maboti a ku Senga Bay, komanso ana amene akufuna kugulira mayi awo odwala BP. Zida izi zimathandizadi, koma pokhapokha mwini wake atadziwa pamene nzeru za chidacho zathera. Mafunso awa ndi amene amabwera kawirikawiri, ena munthu asanagule, ambiri chinthu chitavuta kale.

Kodi zida zovala pathupi ndi ziti?

Ndi zipangizo zamagetsi zimene zimagwira ntchito zili pathupi: wotchi yolumikizana ndi foni, kalamba ka pamkono, mphete yoyeza tulo, mahedifoni a Bluetooth, kachida kothandiza kumva ndi kachigamba komata pamkono koyeza shuga.  Kampani ya Fitbit idayamba mu 2007, Xiaomi idatulutsa Mi Band yotsika mtengo mu 2014, Apple Watch idabwera mu 2015, ndipo lero mayina ngati Huawei, Samsung, Amazfit ndi Oraimo ali ponseponse. Ntchito zake zakulanso: kuyankha foni manja ali mu ufa, kukumbutsa nthawi ya mankhwala, kudziwa kumene mwana ali. Ngakhale nyama zikuvala. Njovu pafupifupi 500 zitasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku nkhalango ya Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, zina zidavekedwa malamba a GPS pakhosi kuti oyang'anira nkhalango aziona kumene zalowera.

Igwira ndi foni yanga?

Funsani zimenezi musanatulutse ndalama m'thumba. Wotchi yamakono imafuna pulogalamu yake mu foni ya Android kapena iPhone, choncho amene ali ndi foni ya mabatani sapeza zambiri mwa ntchito zake. Apple Watch imagwira ndi iPhone yokha. Galaxy Watch 4 ndi zinzake zotuluka pambuyo pake zimafuna Android. Zotsika mtengo zambiri zimalola mbali zonse kudzera m'mapulogalamu ngati Da Fit, FitPro kapena Wearfit Pro, ndipo dzina la pulogalamuyo limakhala pa kapepala ka m'bokosi. Ikani pulogalamuyo muli pa benchi pomwepo, wogulitsa akuona.

Polumikiza, tchajani wotchi kaye mpaka idzaze, yatsani Bluetooth, kenako sakani wotchiyo muli mkati mwa pulogalamu, osati mu Settings za foni. Pa Android 11 ndi zakale, Location iyenera kuyaka kuti wotchi ipezeke. Pa Android 12 kupita m'tsogolo, lolani pamene palembedwa Nearby devices.

Ndalumikiza, koma imaduka ndipo mauthenga safika. Yafa?

Kawirikawiri wotchi imakhala ilibe vuto. Mafoni a Tecno, Infinix ndi itel amatseka mapulogalamu amene simukuwagwiritsa ntchito pofuna kusunga batire, ndipo pulogalamu ya wotchi ikatsekedwa, ulalo wathyoka. Lowani mu Settings, pa gawo la batire, muichotse pulogalamuyo pa mndandanda wa zotsekedwa. Iloleni kuti iziyamba yokha pa Auto-start, ndipo muipatse Notification access. Mukatero sankhani mkati mwake kuti WhatsApp ndi SMS zizifika.

Bluetooth imafika mamita pafupifupi 10 popanda chotchinga. Khoma la njerwa zowotcha limachepetsa mtundawu, ndiye foni ikatsala kuchipinda inu muli kukhitchini ya panja, kuduka n'koyembekezereka.

Pali vuto lina limene limachititsa anthu manyazi. Mawotchi oyankhira foni amakhala ndi dzina lachiwiri la Bluetooth la mawu. Mukalilumikiza, mawu onse a foni, ndi mauthenga a mawu a pa WhatsApp omwe, amayamba kutulukira pamkono anthu akumva. Dinani dzinalo mu Settings za Bluetooth, muzimitse Media audio, musiye za mafoni zokha.

Imadya bandulo?

Bluetooth sidya bandulo. Data imapita pokopera pulogalamu, poikonzanso ikatuluka yatsopano, ndi pokopera zithunzi zokongoletsa nkhope ya wotchi. Zina zonse ndi zochepa kwambiri.

Kuwala kobiriwira kuseri kwake n'kwachiyani? Ndingadziwe bwanji kuti ikuyezadi mtima?

Magazi amamwa kuwala kobiriwira. Mtima ukagunda, magazi amachuluka m'timitsempha ta pamkono, kuwala kobwerera ku sensa kumachepa, ndipo wotchi imawerenga kusintha kumeneku. Kuti iwerenge bwino, ikhale chala chimodzi pamwamba pa kafupa kotuluka ka pamkono, yogwira khungu koma osafinya. Ikakhala yolendewera ngati chibangili, kuwala kwa dzuwa kumalowa pansi pake, manambala n'kumalumphalumpha.

Mawotchi ena otchipa ali ndi getsi lobiriwira chabe lopanda sensa, ndipo amangosinthasintha manambala a pakati pa 70 ndi 80. Anthu amayesa poiika pa tebulo kapena pa nthochi, koma njira imeneyi ndi yosadalirika, chifukwa ngakhale wotchi yeniyeni nthawi zina imaonetsa nambala pa chinthu chopanda mtima. Njira yabwino ndi iyi: khalani pansi, gwirani mtsempha wa pamkono winawo ndi zala ziwiri, werengani kugunda kwa masekondi 30, chulukitsani kawiri, yerekezani. Kenako nyonyomalani n'kuimirira ka 20, muyezenso. Yeniyeni ikwera nanu. Yabodza ikhala pomwepo. Munthu wamkulu akamapuma, mtima umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, ndipo wopalasa kabaza tsiku ndi tsiku akhoza kutsikirapo pang'ono popanda vuto.

Ndikufuna kugulira amayi anga kuti aziyeza BP. Ndigule iti?

Musawagulire wotchi pa ntchito imeneyi. Apa ndi pamene tikufuna kuti mutimvetse bwino, chifukwa pali moyo wa munthu.

Makina a kuchipatala amapopa mpweya mu lamba, kufinya mkono mpaka mtsempha utatsekeka, n'kumamasula pang'onopang'ono akumva mphamvu ya magazi. Wotchi wamba ilibe chofinyira. Imangoyerekeza kuchokera ku kuwala kuja. Ngakhale Galaxy Watch ya Samsung, imene ndi yokwera mtengo, imafuna kuti milungu 4 iliyonse muifananize ndi makina enieni a lamba, apo ayi imakana kuyeza. Huawei Watch D ili ndi kathumba kopopa mpweya m'lamba mwake, koma mtengo wake mungagulire makina angapo a pamkono. Zotchipa za pa benchi zimakonda kuonetsa manambala oyandikira 120/80 kwa aliyense, wodwala ndi wabwinobwino yemwe. Amayi akaona nambala yabwino tsiku lililonse amaganiza kuti achira, amasiya mankhwala, pomwe BP nthawi zambiri siipweteka mpaka tsiku limene yagwetsa munthu n'kumufetsa ziwalo.

Gulani makina a batire a lamba womanga pamwamba pa chigongono. Amayi akhale pampando mphindi 5, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli pa tebulo molingana ndi mtima. Asamwe tiyi kapena khofi, asasute kapena kufwenkha fodya mphindi 30 asanayeze, ndipo asalankhule makina akupopa. Yezani kawiri motalikirana mphindi imodzi, m'mawa ndi madzulo, lembani tsiku ndi manambala, mukaonetse pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala. Zikamabwerabwera pa 140/90 kapena kuposa, apite akaonedwe. Zikafika 180/120, makamaka pali mutu waukulu, kupweteka pachifuwa kapena dzanzi mbali imodzi, musadikire kuti kuche.

Kwa mayi woyembekezera mawu ndi omwewa, mwinanso kuposa. Mutu wosamva mankhwala, kutupa nkhope ndi manja, kuona chimbuuzi: apite kuchipatala tsiku lomwelo, wotchi inene zimene inganene. Sikelo asadumphe.

Pamene wotchi imathandizadi odwala ndi pa alamu. Imanjenjemera pamkono mwakachetechete, ndiye womwa ma ARV, mankhwala a TB kapena a BP amakumbutsidwa ali m'tchalitchi, mu mzikiti kapena pamsonkhano, woyandikana naye osadziwa kanthu. Alamuyo musailembe dzina la mankhwala.

Nanga zolembedwa kuti zimayeza shuga popanda kubaya?

N'zabodza. Mu February 2024 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zakudya ku America, lidachenjeza anthu kuti asagwiritse ntchito wotchi kapena mphete iliyonse yonena kuti imayeza shuga popanda kuboola khungu. Wobaya insulin potengera nambala yopeka akhoza kukomoka kapena kumwalira.

Chida chenicheni chilipo, monga FreeStyle Libre. Ndi kachigamba kozungulira ngati ndalama yachitsulo komata kuseri kwa mkono wa m'mwamba, kokhala ndi kaulusi kolowa pansi pa khungu. Kamagwira masiku 14, kenako mumagula kena, ndipo apa ndi pamene ndalama zimathera. Kamayeza madzi a pansi pa khungu osati magazi, choncho nambala yake imatsalira m'mbuyo ndi mphindi zingapo shuga akamasintha msanga. Kuno kwathu mdani wake ndi thukuta: pukutani khungu ndi sipiriti, liume bwinobwino musanamate, ndipo masensa osatsegula musawasunge pafupi ndi malata. Mukamva kunjenjemera, njala yadzidzidzi ndi thukuta lozizira, tsimikizani ndi kobaya chala. Pansi pa 3.9 mmol/L, imwani masupuni a tiyi 3 kapena 4 a shuga m'madzi, muyezenso pakatha mphindi 15.

Nambala ya mpweya wa m'magazi ndiidalire?

Mwa munthu wabwinobwino imakhala 95 mpaka 100. Koma ife a khungu lakuda tidziwe ichi: kafukufuku wa ku University of Michigan wa mu 2020 adapeza kuti makina opana chala amakonda kuonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni mwa odwala akuda, moti mpweya wotsika unkabisika mwa iwo pafupifupi katatu poyerekeza ndi azungu. Wotchi imagwiritsanso ntchito kuwala kodutsa pakhungu, ndipo pamkono kuyeza n'kovutirapo kuposa pa chala. Munthu akamabanika, kapena mwana akamapuma mofulumira nthiti zikulowa mkati, khulupirirani maso anu.

Ingandiuze kuti ndili ndi malungo?

Ayi. Imamva kutentha kwa khungu la pamkono, kumene kumasintha ndi dzuwa. Chimene mungaone n'chakuti thupi likatentha ndi digiri imodzi, mtima umawonjezera kugunda pafupifupi ka 10 pa mphindi, ndiye wogona nayo akhoza kuona nambala yakwera asanayambe kumva kuphwanya. Chimenecho ndi chifukwa chopitira kukayezetsa magazi, zotsatira zake zimatuluka m'mphindi 15 kapena 20. Si chifukwa chogulira LA pa golosale.

Ndasinja chimanga, yandipatsa masitepe 2,000 ndisanachoke pakhomo. Bwanji?

Wotchi siona miyendo. Mkati mwake muli sensa yomva kugwedezeka kwa mkono, ndipo kugwedezeka kulikonse kobwerezabwereza imakuyesa kuyenda. Kusinja, kupeta, kuchapa pamwala, kupalasa bwato, kukwera njinga yamoto pa msewu wafumbi wa mabampu, zonsezi zimawonjezera masitepe. Mbali inayo, mayi wosenza ndowa dzanja litagwira pamutu amaberedwa masitepe, chimodzimodzi wokankha wilibala. Wa kabaza amene manja ali pa handulo tsiku lonse wotchi imamuyesa waulesi, pomwe miyendo yagwira ntchito yoposa ya wina aliyense. Iye asankhe za njinga mu wotchimo, aziona kugunda kwa mtima ndi nthawi. Kuvala pa mkono umene simugwirira ntchito kwambiri kumachepetsa masitepe abodza.

Za masitepe 10,000 zisakuvutitseni. Nambalayi idachokera ku dzina la kachida kowerenga masitepe kamene kadagulitsidwa ku Japan mu 1965. Bungwe la WHO, loona zaumoyo padziko lonse, limalangiza akuluakulu mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu za ntchito yofulumizitsa mtima. Wolima mpunga ku Lifuwu amadutsa pamenepo Lachiwiri lisanathe. Amene wotchi ingamudzutse ndi wa mu ofesi, wa mu shopu ndi dalaivala, amene amakhala pampando kuyambira m'mawa.

Pa bokosi alemba kuti siilowa madzi. Ndingasambe nayo m'nyanja?

Werengani zilembo zake. IP67 ikutanthauza kuti idayesedwa m'madzi odekha akuya mita imodzi kwa mphindi 30. IP68 ndi kuya kopitirirapo, malinga ndi mmene opanga anenera. Ziwirizi ndi za mvula, thukuta ndi kusamba m'manja. 3 ATM ndi chimodzimodzi. Yosambira nayo ndi ya 5 ATM kupita m'mwamba, komabe osati yodumphira m'madzi kuchoka pa thanthwe, chifukwa kumenya kwa madzi kumaposa mphamvu ya timalabala totseka mipata. Timalabalati timakalamba ndi sopo, madzi otentha ndi dzuwa, ndiye wotchi imene inkapirira chaka chatha ikhoza kulowa madzi chaka chino. Musadine mabatani ili m'madzi.

Nyanja yathu ilibe mchere, ndi mwayi wathu. Vuto ndi mchenga. Mchenga wakuda wa m'magombe ena a Salima uli ndi tizitsulo timene timamatira ku maginito a potchajira ndi a sipika. Mukaona kaufa kakuda kataunjikana pa timadontho tagolide ta kuseri, ndiye chifukwa chake tchaja ikukana. Tsukuluzani wotchi ndi madzi oyera, ipukuteni, chotsani kaufako ndi mswachi wouma.

Mukaona nkhungu mkati mwa galasi, izimitseni ndipo musaitchaje, chifukwa magetsi akakumana ndi madzi amadya tizingwe ta mkati. Musaiyanike pa malata, musaikwirire mu mpunga. Iikeni pamthunzi podutsa mphepo masiku awiri, kapena m'botolo lotseka pamodzi ndi timapaketi touma timene timabwera m'mabokosi a nsapato, kenako muipititse kwa okonza.

Ingathandize asodzi?

Ya GPS yakeyake ingathandize. GPS imamva masetilaiti, sifuna netiweki kapena bandulo, ndiye mukhoza kusunga malo amene munapha utaka dzulo, kapena doko lanu, n'kubwererako usiku wa mdima mosaphonya ndi mamita ambiri. Iyatseni muli pagombe poonekera kumwamba, mudikire mpaka igwire. Ikayaka osalekeza imatha batire m'maola, osati masiku, choncho nyamukani yodzaza.

Zotchipa zambiri zolembedwa GPS zimabwereka ya foni. Yesani chonchi: zimitsani Bluetooth, yambitsani za kuyenda, zungulirani msika. Ikapanda kujambula njira, ilibe GPS.

Wotchi wamba singaitane thandizo pamene netiweki yathera, ndipo sidziwa za mwera kuposa chenjezo la a nthambi yoona zanyengo pa wailesi. Mwini boti amene ndalama zake zikukwana chinthu chimodzi, ayambe wagulira alovi ake majekete oyandamitsa ndi matochi a pamutu.

Magetsi akazimazima, batire ndiisamale bwanji?

Kalamba kowerenga masitepe kali ndi batire ya pafupifupi 200 mAh ndipo kamatha mlungu umodzi kapena iwiri. Mawotchi aakulu ngati Apple Watch amafuna kutchaja tsiku lililonse. Amene kwawo kulibe magetsi a ESCOM asankhe kalamba. Power bank ya 10,000 mAh ingakadzaze koposa ka 20, ndipo nyale ya sola yokhala ndi potchajira foni imakwana. Power bank zina zimazima zokha chifukwa wotchi imakoka moto wochepa kwambiri. Pa zambiri, kudina batani kawiri kumayatsa njira ya moto wochepa.

Chimene chimapha batire kuno ndi kutentha. Opanga ambiri amati chida chigwire ntchito pa madigiri osapitirira 35, ndipo mu October ndi November ku Salima timafika pamenepo tili pamthunzi. Musaisiye pa dashibodi ya galimoto, pa zenera kapena pansi pa pilo ikutchaja. Kuchepetsa kuwala kwa sikirini ndi kuzimitsa kuyeza mpweya usiku wonse kumawonjezera masiku. Tchaja ya maginito musaisiye pa magetsi ili yokha pafupi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo, imazikoka n'kupsa.

Mahedifoni opanda chingwe ali ndi vuto?

WHO imati phokoso la madesibelo 80 lisapitirire maola 40 pa mlungu, ndipo njira yapafupi ndi kusakweza voliyumu kudutsa magawo 60 pa 100. Makutu akamalira mutavula, mwapyola. Wa kabaza pa msewu wa M5 avale khutu limodzi lokha, la kumanzere, lakumanja limve malole obwera kumbuyo. Wogwira ntchito pa chigayo asayese kuti nyimbo zikumuteteza ku phokoso la injini, akungowonjezera phokoso pa linzake.

Agogo samva bwino. Tigule kachida ka m'khutu pa msika?

Za pamsika zimakweza mawu onse mofanana, kulira kwa tambala ndi mawu a mdzukulu chimodzimodzi, ndipo zikhoza kuwonongeratu kumva kotsalako. Ayambe aonedwa m'khutu, mwina ndi phula chabe. Kuyeza kumva kumachitika ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe ndi ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo kachidako amakatchera molingana ndi khutu la munthuyo. Timabatire take timadziwika ndi mtundu wa kapepala: 10 chachikasu, 312 chakhofi, 13 cha olenji, 675 chabuluu. Mukamatula kapepalako dikirani mphindi imodzi mpweya ulowe. Usiku tsegulani kachitseko ka batire, muike kachidako m'botolo louma. Timabatireti tibiseni, mwana akameza ndi ngozi yothamangira nayo kuchipatala.

Wotchi ya mwana yoika simu ndi yothandiza?

Imafuna simu yolembetsedwa ndi chiphaso cha kholo, yokhala ndi bandulo nthawi zonse. Panja imaloza bwino, koma mwana akakhala m'kalasi ya malata imadalira nsanja za netiweki, ndipo ikhoza kuphonya ndi mamita mazanamazana. Musamukalipire mwana chifukwa cha kadontho ka pa mapu. Sinthani nambala yachinsinsi yobwera nayo, imene pa zotchipa zambiri ndi 123456, apo ayi mlendo angathe kuona kumene mwana wanu ali. Funsani aphunzitsi aakulu ngati amalola, ndipo tsiku la mayeso a MANEB wotchi yolandira mauthenga itsale kunyumba.

Za ndalama ndi zinsinsi zanga zili potetezeka?

Uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba ukafika, wotchi imayaka n'kuonetsa ndalama zimene zalowa ndi zotsala, woyandikana nanu mu minibasi akuwerenga. Manambala otsimikizira a kubanki amaonekanso chimodzimodzi. Zimitsani SMS mu pulogalamu ya wotchi, kapena tcherani kuti isamayake yokha uthenga ukafika. Pulogalamu ikamapempha kuona zithunzi zanu zonse kapena kumva mawu popanda chifukwa, ikanizeni. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act ya 2024, loyang'aniridwa ndi MACRA, koma mapulogalamu ambiri a mawotchi amasunga zinthu pa makompyuta a kunja, kumene dandaulo lanu lingavute kufika.

Pamene pamakhala lamba patuluka zidzolo.

Ndi thukuta ndi sopo zotsekeredwa pansi pa lamba wa labala, kapena chitsulo cha chomangira chimene khungu lanu likudana nacho. Vulani masiku angapo, tsukani lamba ndi madzi okha, muzisintha mkono, kapena gulani lamba wansalu. Amene adaikidwa kachida kothandiza mtima kugunda asayandikitse wotchi kapena tchaja yake pachifuwa, patalike masentimita 15, chifukwa cha maginito.

Ndapeza yogwiritsidwa kale ntchito yotsika mtengo. Ndione chiyani?

Ngati ndi Apple Watch, mwini wake aichotse pa akaunti yake inu mukuona. Yotsekedwa ndi Activation Lock, loko yomangiriza wotchi ku akaunti ya mwini wake, palibe wokonza angaitsegule mwachilungamo. Onani kuti tchaja yake ilipo, poti mtundu uliwonse uli ndi yakeyake ndipo kuipeza payokha n'kovuta. Itchajeni mpaka 100, muivale theka la ola. Ikatsika kwambiri, batire yatopa.

Kenako iyang'aneni cham'mbali, poyera. Galasi kapena chivundikiro cha kuseri chikakhala chitatukuka ngakhale pang'ono, batire yafufuma mkati, isiyeni. Yanu ikatero, ivuleni, musaitchajenso, musaiboole kapena kuikanikiza kuti itsekeke. Iikeni m'chitini chokhala ndi mchenga wouma, kutali ndi denga la udzu ndi ana, mpaka mutaipereka kwa okonza mafoni. Isaponyedwe pa moto wa zinyalala, chifukwa imaphulika, ndiponso isatayidwe m'nyanja.